Lipoti la momwe nyimbo zinabwereranso m'kalasi pasukulu ina ya m'boma la Dedza

Ndine mphunzitsi wa pulayimale, ndipo lipoti ili ndalembera aphunzitsi anzanga, mamembala a makomiti a sukulu ndi alangizi a maphunziro, pofuna kufotokoza ntchito imene tinagwira kwa chaka chimodzi cha maphunziro kuti phunziro la nyimbo, limene linali litazilala pasukulu pathu, liyambenso kuphunzitsidwa mmene liyenera kukhalira. Sukuluyo ili kumudzi, m'boma la Dedza. Sinditchula dzina lake kapena maina a anthu amene ndinagwira nawo ntchito, chifukwa zina mwa zimene ndifotokoze ndi zofooka, ndipo zambiri mwa zofookazo zinali zanga.

Gwero la vuto

Kuyambira pamene ndondomeko ya maphunziro a pulayimale yotchedwa PCAR inayamba kugwira ntchito mu 2007, nyimbo zinaleka kukhala phunziro loima palokha. Zinalowa m'phunziro la Expressive Arts pamodzi ndi magule, zisudzo, zojambula, zosokasoka ndi masewera olimbitsa thupi. Mabuku amene a Malawi Institute of Education a ku Domasi anakonza amafuna kuti mwana aziimba, azivina ndiponso azipanga yekha zida zoimbira, ndipo pa mfundo imeneyi ndilibe nawo mlandu. Chovuta chili pa mayeso. Mwana wa Sitandade 8 akamalemba mayeso a MANEB, zimene anaphunzira m'phunziroli zimabwera m'pepala la Arts and Life Skills, ndipo amayankha ndi cholembera. Palibe amene amamumva akuimba. Choncho mphunzitsi amene akufuna kuti ana ake akhoze amaona kuti njira yachidule ndi kulemba manotsi pabolodi kuti ana akopere ndi kuloweza.

Ndinazindikira kukula kwa vutoli tsiku lina ndikuchonga makope a Sitandade 7. Mtsikana wina anajambula bangwe mwaluso kwambiri, nsambo zake zonse zili m'malo mwake, ndipo pansi pake analemba bwinobwino kuti ndi chida chimene chili m'gulu la zida za nsambo. Nditamufunsa ngati anamvapo kulira kwake, anayankha mwaulemu kuti sanamvepo, ndipo ankaganiza kuti ndi chida cha kunja. Ndinamupatsa malikisi onse chifukwa yankho linali lolondola, koma ndinabwerera kunyumba mtima uli wolemera.

Panalinso nkhani ya nthawi. Mapiriyodi a Expressive Arts ankaonedwa ngati munda wopanda mwini, umene aliyense wotsalira m'mbuyo pa masamu kapena pa Chingerezi ankangolimamo. Sukulu zitatsekedwa mu Malichi 2020 chifukwa cha mliri wa Covid-19, n'kudzatsegulidwanso patapita miyezi ingapo, tonse tinali pa liwiro lofuna kumaliza silabasi, ndipo chizolowezi cholanda mapiriyodiwa chinakhazikika mpaka chinaoneka ngati lamulo. Kwaya ya sukulu inatha popanda wina kulengeza kuti yatha. Ngakhale nyimbo ya fuko, imene ili ndi ndime zitatu, ana ankangodziwa ndime yoyamba, ndipo pa asembule mawu ake ena ankangowang'ung'udza. Kuchuluka kwa ana m'kalasi nakonso kunali ndi mbali yake. Chiyambire 1994, pamene boma linachotsa fizi ya pulayimale ndipo chiwerengero cha ophunzira chinakwera kuchoka pa pafupifupi 1.9 miliyoni kufika pa pafupifupi 3 miliyoni, makalasi a kumudzi akhala odzaza, ndipo kuimbitsa khamu la ana m'chipinda chogundizana ndi kalasi ina kumabweretsa madandaulo kuchokera kwa mphunzitsi mnzako.

Kulephera kwanga koyamba

Pa msonkhano wokonza dongosolo la chitukuko cha sukulu, limene timalitcha SIP, pamene makolo, mafumu, komiti ya sukulu ndi aphunzitsi amagwirizana za kagwiritsidwe ntchito ka ndalama yotukulira sukulu imene boma limapereka, yotchedwa SIG, ndinaimirira n'kupempha kuti tigule kiyibodi. Ndinali nditakonzekera, ndipo ndinalankhula nthawi yaitali za ubwino wa nyimbo pa kakulidwe ka mwana. Nditakhala pansi, bambo wina wachikulire anaimirira, chipewa chili m'manja, nati: "Aphunzitsi, tamva ndithu, ndipo mwalankhula bwino. Koma ana athu akukhala pansi, buku limodzi akulimbirana anthu angapo, chimbudzi cha atsikana chinagwa ndi mvula, ndipo pasukulu pano palibe magetsi. Kiyibodiyo idzalira ndi chiyani?" Anthu anavomereza ndi mutu, ndipo nkhani inathera pomwepo.

Kwa masabata angapo ndinkadziuza kuti makolo sakumvetsa kufunika kwa nyimbo. Kunali kulakwa kwachiwiri, koposa koyamba kuja. Anthu amenewa amaimba pa maliro usiku wonse, amaimba pa ukwati, pa chinamwali, pamtondo ndi m'tchalitchi, ndipo ine ndinapita kukawaphunzitsa kuti nyimbo n'zofunika. Bambo aja sanakane nyimbo. Anakana kuti ndalama yochepa ya sukulu ithere pa chida chimene palibe akanatha kuchisamala, ndipo ananena zoona.

Kumvetsera

Mu teremu yoyamba ndinasiya kupempha, ndinayamba kufunsa. Ndinkacheza ndi makolo mmodzimmodzi, ena pachigayo, ena potuluka m'tchalitchi, ena akabwera kudzatenga malipoti a ana, ndipo funso langa linali limodzi: mwana wanu atayamba kuimba ndi kuvina kusukulu, chingakudetseni nkhawa n'chiyani?

Nkhawa ya mayeso inatuluka msanga, ndipo ndinkaiyembekezera. Kholo lililonse limafuna kuti mwana wake asankhidwe kupita ku sekondale, ndipo malo ndi ochepa. Nkhawa ya atsikana inatuluka kwa amayi a mother group, gulu lolimbikitsa maphunziro a atsikana, amene anandikumbutsa kuti kwaya yakale inkakonzekera ana ataweruka, atsikana n'kumafika kunyumba dzuwa litapendeka, akuyenda okha mtunda wautali, ntchito zapakhomo zikuwadikira. Amayi ena anandiuza mosabisa kuti kwaya ija itatha iwo anapuma. Zimenezi sindikanazimva ndikanapitiriza kulankhula ndekha pamisonkhano.

Nkhawa yachitatu inatenga nthawi kuti ituluke, chifukwa anthu saitchula poyera. Kuno ku Dedza ng'oma ikalira, maganizo a anthu ambiri amapita ku gule wamkulu. Makolo ena opemphera ankaopa kuti ng'oma zikalowa pasukulu, ana awo adzakokedwera kudambwe. Mbali inayi, akuluakulu osunga mwambo ankaopa kuti aphunzitsi, ena mwa iwo ochokera kumaboma ena, adzatenga zinthu zolemekezeka n'kuzisandutsa masewera a ana pabwalo la mpira. Magulu awiriwa sankagwirizana pa zambiri, koma pa nkhani imeneyi onse ankaona kuti sukulu yopanda ng'oma ndi yotetezeka. Ine ndinkadziwa kuti bungwe la UNESCO linalengeza mu 2005 kuti gule wamkulu ndi chuma cha chikhalidwe cha anthu onse, monganso vimbuza, ndipo tchopa anadzalowa m'kaundula womwewo mu 2014. Ndinkadziwanso kuti ku Mua, m'boma lathu lomwe lino, kuli malo a Kungoni amene Bambo Claude Boucher anayambitsa mu 1976, kumene mwambo wa Achewa, Angoni ndi Ayao umasungidwa pafupi ndi tchalitchi. Komabe ndinaona kuti kutchula zimenezi pamsonkhano wa makolo sikukanathetsa mantha a wina aliyense. Nkhaniyi inafunika kuweruzidwa ndi eni ake.

Kulowera pakhomo

Ndinayambira kwa a Hedi. Sindinawapemphe chinthu chachilendo, ndinangotsegula ndandanda wa mapiriyodi umene uli pakhoma la ofesi yawo n'kuwapempha kuti zimene zinalembedwapo zizichitika. Iwo anavomera, koma anaika mfundo ziwiri: phokoso lisasokoneze makalasi ena, ndipo a Sitandade 8 asakhudzidwe pa nthawi yokonzekera mayeso. Mfundo yachiwiriyi sinandisangalatse, koma ndinaivomera. Kenaka a Hedi anaitana wapampando wa komiti ya sukulu ndi wa PTA, bungwe la makolo ndi aphunzitsi, ndipo anthu awiriwa ndi amene anandiperekeza kwa a Gulupu. Ndikuona kuti dongosolo limeneli linali lofunika kwambiri, chifukwa mphunzitsi akapita yekha kwa mfumu amaoneka ngati walumpha akuluakulu ake, ndipo mfumu yanzeru simuyankha.

Tinakhala pamphasa, pansi pa mtengo wa mango, ndipo wapampando wa komiti ndi amene anayamba kulankhula. Nthawi yanga itakwana ndinati: "Gogo, sitinabwere kudzapempha ndalama. Ana anu akujambula bangwe m'makope koma sanamumvepo akulira. Ife aphunzitsi zambiri sitizidziwa. Tabwera kudzapempha kuti mutibwereke anthu anu amene amadziwa, ndiponso kuti mutiuze zimene zili zoyenera pabwalo la sukulu ndi zimene sizoyenera." A Gulupu anakhala chete kanthawi, kenaka anati ayamba akambirana ndi anyakwawa awo. Yankho linabwera patapita masabata awiri. Anagamula kuti za kudambwe zikhale kudambwe, ndipo sukulu isayerekeze kuvinitsa ana gule wamkulu kapena kupanga zofanizira zake. Koma mganda, chimtali, nyimbo za pamtondo, nyimbo za m'nthano ndi za masewera a ana anati n'za aliyense, ndipo iwo eni adzasankha anthu oti adzatithandize.

Chigamulo chimenechi chinatsegula njira ya kumipingo. Tinayendera akuluakulu a mipingo yozungulira sukulu, uliwonse paokha, ndipo tinawauza malire amene mfumu inaika, mawu ake osawonjezera kapena kuchotsera. Mkulu wa mpingo wina anafunsa ngati ana adzakakamizidwe kuvina. Tinayankha kuti m'kalasi mwana aliyense adzaphunzira zimene silabasi ikunena, koma kulowa m'gulu lovina kapena m'kwaya kudzakhala kufuna kwa mwana ndi makolo ake, ndipo kwaya ya sukulu sidzakhala ya mpingo umodzi. Mpingo womwewo unatibwereka wotsogolera kwaya yawo, mnyamata wodziwa kuwerenga nyimbo za do re mi, luso limene linabwera ndi amishoni ndipo lasungidwa kwambiri m'makwaya a m'matchalitchi kuposa m'sukulu.

Amayi a mother group anathetsa okha nkhani ya atsikana. Anati kukonzekera kulikonse kuzichitika tsiku limodzi pa sabata, kuzitha dzuwa likadali pamwamba, ndipo awiri mwa iwo azikhalapo mosinthana n'kuperekeza ana a kumidzi yakutali. Mphunzitsi wamwamuna asatsale yekha ndi atsikana. Tinazilemba m'buku la komiti, ndipo sitinaziphwanyepo.

Tsiku limene ng'oma inafika

Munthu woyamba amene a Gulupu anatitumizira anali agogo ena aamuna, osema ng'oma, amene anafika m'mawa atanyamula ng'oma yawo panjinga, atakulunga m'thumba. Tinatulutsa ana a Sitandade 6 kupita kumapeto kwa bwalo, kutali ndi makalasi, monga tinalonjezera a Hedi. Agogowo sanayambe ndi kuimba. Anatuma anyamata awiri kukatola mapesi, anakoleza kamoto, n'kuyamba kuwamba ng'omayo, akuitembenuza pang'onopang'ono ndi kuigogoda ndi chala. Nthawi iliyonse akagogoda ankafunsa kuti, "Zidzukulu, mwamva? Yafika kapena sinafike?" Poyamba ana ankangoseka, koma posakhalitsa anakhala chete n'kutchera khutu, ndipo anayamba kumva okha kuti chikopa chikamatentha chimakungika, mawu n'kumakwera. Mnyamata wina amene sakonda kuyankha m'kalasi ndi amene anayamba kunena kuti yafika, ndipo agogo anamupatsa ng'omayo kuti ayambe ndiye. Zimene ndinkavutika kufotokoza pabolodi za kukwera ndi kutsika kwa mawu, ana anazimva ndi makutu awo moto usanazime.

Pambuyo pake kunabwera amayi a chimtali, amene anaphunzitsa atsikana kuimba mopolokozana, wina kutsogolera ena kuvomera, ndiponso kupanga visekese. Abambo a mganda anaonetsa anyamata kapangidwe ka malipenga a zikho ndi kaimidwe ka m'mizere. Bangwe anativuta kumupeza, koma mu teremu yachiwiri kunapezeka bambo wina wa mudzi wa kutsidya kwa dambo amene anali naye, ndipo mtsikana uja wojambula anamugwira ndi manja ake. Ntchito yanga pa maphunziro onsewa inali kulumikiza zimene alendo aphunzitsa ndi mitu ya m'silabasi, kulemba mapulani a phunziro, ndi kuonetsetsa kuti ana alemba mwachidule zimene aona, kuti pa mayeso asadzasowe choyankha.

Kauzidwe ka anthu

Ndikufuna kutsindika mbali imeneyi chifukwa ndi imene aphunzitsi ambiri timainyozera. Makolo ambiri kwathu alibe mafoni a WhatsApp, ndipo kalata yopatsira mwana nthawi zambiri imathera m'thumba la yunifolomu. Uthenga umene umafika ndi wolengezedwa m'tchalitchi, pabwalo la mfumu ndi pamsonkhano wa makolo. Choncho mwezi uliwonse ndinkalemba kalata yaifupi m'Chichewa, a Hedi n'kusainira, yonena zimene ana aphunzira, amene anabwera kudzathandiza ndi mudzi umene achokera, ndiponso zimene zikubwera. Makalatawa ankapita kwa anyakwawa ndi kwa alembi a mipingo kuti akawerengedwe mokweza. Kutchula midzi kunathandiza kuposa mmene ndinkaganizira, chifukwa mudzi umene sunatchulidwe unkafunsa kuti nanga ife tibwere liti.

Panali chinthu chimodzi chimene ndinakana kulonjeza. Anzanga ena anandilangiza kuti ndiziuza makolo kuti nyimbo zidzakweza malikisi a masamu ndi Chingerezi. Ndinakana, chifukwa ndinalibe umboni wa pasukulu pathu, ndipo zotsatira za mayeso zikanatsika pa chifukwa china chilichonse, nyimbo ndi zimene zikanasenza mlandu. Ndinkangonena zimene ndikanatha kuonetsa: kuti phunziroli lili m'silabasi ya boma, kuti limabwera pa mayeso, kuti sitikutenga piriyodi ya phunziro lina, ndiponso kuti ana akuphunzira zinthu za makolo awo kuchokera kwa makolo awo omwe.

Mlangizi wa maphunziro wa zoni yathu tinamuitana teremu yachiwiri ili pakati, osati kudzaona chionetsero chokonzedwa, koma phunziro wamba. Anakhala kumbuyo, anaona mapulani anga, ndipo pa msonkhano wa aphunzitsi ku TDC, likulu la aphunzitsi a m'zoni, anandipatsa mpata wofotokoza zimene tikuchita. Zimenezi zinalimbitsa mtima wa a Hedi, amene ankada nkhawa kuti kubweretsa anthu a m'mudzi m'kalasi kungaoneke ngati kuphwanya malamulo.

Pa tsiku lotsekera teremu yachiwiri, makolo atabwera kudzamva zotsatira za ana, kwaya inaimba nyimbo ya fuko ndime zonse zitatu, ndipo ana anavina chimtali ndi mganda. Tinasamala kuti zovina zikhale zazifupi, zisadye nthawi ya zimene makolo anabwerera. Tinaitana kutsogolo onse amene anatiphunzitsa, ndipo a Gulupu ndi amene anawathokoza. Bambo aja a chipewa analipo, ndipo potuluka anandigwira dzanja nati: "Aphunzitsi, izi ndiye zolira popanda magetsi."

Pamene tafika ndi zimene zatsala

Pofika kumapeto kwa chaka, mapiriyodi a Expressive Arts ankaphunzitsidwa pa nthawi yake m'makalasi onse kupatula Sitandade 8. Kwaya ndi gulu la magule zimakumana sabata iliyonse. Pa msonkhano wotsatira wa SIP sindinapemphe kanthu, koma amayi a mother group ndi amene anapempha kuti paikidwe ndalama yochepa yogulira zikopa ndi loko wa kabati yosungiramo zida, ndipo msonkhano unavomera popanda mtsutso. Chimbudzi cha atsikana chinali chitamangidwa kale, ndipo ndikukhulupirira kuti zikanakhala kuti sichinamangidwe, pempholi silikanadutsa, ndiponso silikanayenera kudutsa.

Zovuta zilipo. Nthawi ya dzinja anthu otithandiza amakhala kumunda, ndipo m'miyezi ya Januwale ndi Febuluwale, pamene chakudya chimachepa m'makomo, n'kosayenera kuyembekezera munthu kuti asiye ganyu n'kubwera kudzaphunzitsa kwaulere. Tinaphunzira kuika maphunziro ofuna alendo m'miyezi ya pambuyo pa kukolola, ndipo m'dzinja timaimba tokha ndi zimene tinaphunzira. Nkhani ya kathokozedwe ka anthuwa sinathe. Ena m'komiti akuti kuwatchula pagulu n'kokwanira, ine ndikuona kuti munthu amene wataya m'mawa wake wonse ayenera kulandira kanthu, ngakhale sopo, ndipo nkhaniyi ndidzaibweretsanso. A Sitandade 8 akadali pa manotsi okha, ndipo zimandipweteka kuti chaka chawo chomaliza ndi chimene amaimba pang'ono kuposa zaka zonse. Kuli malo ophunzitsa nyimbo mozama, monga Music Crossroads ku Lilongwe ndi ku yunivesite ya Malawi ku Zomba, koma mwana wa pasukulu ngati yathu sangalote zokafika kumeneko ngati nyimbo zamuthera asanalowe sekondale.

Chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi chakuti mphunzitsi amasamutsidwa nthawi iliyonse. Pa chifukwa chimenechi tapempha aphunzitsi ena awiri kuti azitsogolera nawo, ndipo mgwirizano wonse, kuyambira malire amene a Gulupu anaika mpaka malamulo a amayi okhudza atsikana, walembedwa m'buku la komiti ya sukulu kuti wobwera pambuyo adzaupeze. Ntchito imene tayamba teremu ino ndi yolemba mawu a nyimbo za pamtondo ndi za m'nthano. Ana a Sitandade 7 akumapita awiriawiri kwa agogo awo ndi kope, ndipo Lachisanu lililonse amabweretsa zimene alemba kuti tiziyerekeze, chifukwa tapeza kuti nyimbo imodzi imaimbidwa mosiyana pang'ono m'midzi iwiri yoyandikana, ndipo tagwirizana kuti tizilemba zonse ziwiri, iliyonse ndi dzina la mudzi wake.